Masamba Akumapeto ndi Chilolezo cha aNangozo

Selesitina, Domingo ndi iwe Luwiza, mwandifunsa kambirimbiri chifukwa chake amayi ena achikulire a mumsika wa Ulongwe amandiimitsa n'kundigwira dzanja nthawi yaitali ngati m'bale wawo, pamene ine ena mwa iwo ngakhale maina sindiwadziwa. Tsopano poti ndidapuma ntchito ndipo maso akadaona, ndati ndilembe kuti mudzawerenge nokha. Za ubwana wanga mumazidziwa kale, ndiye ndiyambira tsiku limene ndidalowa mu ofesi.

1981, Lifidzi

Ntchito ya boma ndidaiyamba ndili ndi zaka makumi awiri ndi chimodzi, ndili mlembi wa pa makina. Ofesi yathu idali chipinda chimodzi cha malata, ndipo nyengo yozizira chisanu cha ku Lifidzi chinkaumitsa zala moti m'mawa ndinkayamba ndaziika m'khwapa ndisanakhudze makinawo. Mkulu wanga pa ntchito adali aMatiyasi, bambo wamfupi wa imvi amene adagwirapo ntchito m'maofesi a Apwitikizi kuyambira ali wonyamula makalata. Zinthu zinkasowa kwambiri masiku amenewo. Fita ya makina, kansalu kakuda kamene kamadinda zilembo papepala, inkatha ina osabwera, ndiye tinkaipaka mwaye wosakaniza ndi mafuta a makina osokera. Mapepala oyera kudalibe. Tinkatembenuza zikalata zakale za atsamunda n'kumalemba kumbuyo kwake.

Mwezi wanga wachitatu ndidalakwitsa. Kudabwera kalata yonena za mbewu ya nyemba yoti igawidwe, ndipo aMatiyasi adandiuza kuti ndilembe makalata oitana midzi yonse yotchulidwa. Ndidalemba, makalata adapita. Tsiku logawa, midzi itatu siidabwere chifukwa sinaitanidwe. AMatiyasi sadandikalipire. Adangotenga kalata ija n'kuiika patsogolo panga.

"Adelina, mudawerenga mpaka pati?"

"Mpaka pamene pali dzina la wosaina, bambo."

"Tembenuzani."

Kuseri kudali kapepala kena kolumikiza ndi singano, kokhala ndi maina atatu. Pamwamba pake padalembedwa kuti anekiso, kutanthauza chowonjezera. "Olemba amaika mawu okoma kutsogolo," adatero, "koma zogwira munthu pakhosi amazikankhira kumbuyo." Mawa lake ndidakwera njinga yawo ndekha kukapepesa m'midzi itatuyo. Kuyambira pamenepo pepala lililonse ndinkaliwerenga mpaka poti palibenso choti n'kuwerenga.

1986 mpaka 1993

Za nkhondo sindilemba zambiri. Ofesi idatenthedwa, ndipo ine ndi bambo anu Erinesito tidawoloka malire wapansi, Selesitina ali kumsana, kukakhala ku Dedza. Domingo ndi Luwiza, inu mudabadwira kumeneko. Bambo anu ankaphunzitsa ana a othawa kwawo pansi pa mtengo, ine ndinkaluka majuzi. AMatiyasi adamwalira chaka chachiwiri tili komweko, ndipo ndidangomva patapita miyezi. Mtendere utabwera tidabwerera, ndipo ndidapeza kuti dzina langa likadali pa mndandanda wa antchito a boma.

1993, ofesi ya pa msewu wa Kalomwe

Adanditumiza ku ofesi ina yaing'ono pa msewu wopita ku malire, kumene ndinkalandira zopempha za anthu ofuna chilolezo cha malonda, chimene tonse tinkachitchula kuti lisensa. Mkulu wa ofesiyo adali Shefe Bonifasiyo, munthu wamtali wochokera kumwera kwa chigawo, wokonda ukhondo ndi dongosolo. Sadali woipa mtima, koma ankaopa kulakwa kuposa chilichonse, ndipo chimene sichidalembedwe m'buku lake kwa iye kudalibe. Buku limenelo lidali la malamulo a malonda a nthawi ya atsamunda, lachikuto chofiira chodyedwa ndi njenjete. Zaka zoyamba za ufulu palibe amene ankalitsegula chifukwa masitolo ambiri adali m'manja mwa boma. Anthu atayambanso kutsegula awoawo, mabuku akale adatsitsidwa pamwamba pa kabati n'kupukutidwa fumbi.

Chaka chimenecho tidalandira kabuku ka malamulo oyendetsera dziko, amene adakonzedwa mwatsopano ife tili ku Malawi. Kadabwera kamodzi kokha ofesi yonse, pamodzi ndi lamulo loti tizikafotokozera anthu obwerera kwawo m'Chinyanja. Shefe adatigawira ntchito. Iwo adatenga mbali ya kutsogolo, ya ufulu wa nzika ndi mphamvu za atsogoleri, yoti munthu poilankhula anthu amaomba m'manja. Mnzanga wa mu ofesi, aZakariya, adapatsidwa za zisankho. Ine Shefe adandiyang'ana n'kunena kuti, "Dona Adelina, inu tengani zakumapetozo. Ndi zambendera ndi nyimbo, sizovuta."

Ndidamva kuwawa pang'ono, koma ndidakhala nako pansi kabukuko masana onse a Loweruka. Masamba akumapeto adali ngati nkhokwe yoikamo zonse zimene zidasowa malo m'nyumba. Mudali mitundu ya mbendera ndi tanthauzo la mtundu uliwonse. Mudali kufotokoza kwa chizindikiro cha dziko, khasu, buku, chimanga ndi nzimbe, chilichonse ndi malo ake. Mudali za nyimbo ya fuko ndi za mzinda umene uli likulu. Osindikiza kabukuko adawonjezeranso zithunzi ndi mndandanda wosonyeza tsamba la nkhani iliyonse. Pakati pa zimenezi padali mfundo zazifupi zotsekera, zonena tsiku loyamba kugwira ntchito malamulowa ndi zimene zidzachitikire malamulo akale. Mfundo imodzi ndidaiwerenga katatu. Tanthauzo lake lidali loti malamulo akale apitirize kugwira ntchito mpaka atasinthidwa, koma pokhapokha pamene sakutsutsana ndi malamulo oyendetsera dziko. Ndidaimasulira m'Chinyanja n'kuilemba pa makina pamodzi ndi zambendera zija. M'misonkhano anthu ankafunsa za nyenyezi ndi khasu. Za mfundo imeneyi palibe ndi mmodzi yemwe adafunsapo.

1994, aNangozo

Mvula itangokata, padabwera mayi wina wa msinkhu wanga, wovala chitenje chofwifwa ndi juzi lachimuna. Dzina lake lidali Firimina, koma aliyense ankamuitana ndi dzina la mfunda wake, aNangozo. Ankalima mbatatesi ndi nyemba, ndipo adali atamanga kasitolo ka njerwa zowotcha m'mbali mwa msewu kuti azisonkhanitsiramo mbewu za anzake n'kumagulitsa kwa a malole ochokera ku Tete. Popanda lisensa, oyendera malonda adali atamutsekera kale kawiri. Sankadziwa kulemba, ndiye chopempha chake ndidamulembera ine, iye n'kudinda chala.

Shefe adachiwerenga n'kufunsa, "Ndinu okwatiwa?"

"Ndidakwatiwa ku tchalitchi, ndi ku boma komwe tidalembetsa."

"Amuna anu abwere adzasaine."

"Amuna anga adatengedwa ndi asilikali kumunda zaka zisanu ndi zitatu zapitazo. Sindidziwa ngati ali moyo."

"Chikalata cha imfa muli nacho?"

"Maliro sitidawaone, bambo. Ndikachitenga kuti?"

Shefe adatsegula buku lofiira lija n'kundilozera ndi chala. Mudalembedwadi kuti mkazi wokwatiwa sangachite malonda popanda chilolezo cha mwamuna wake. ANangozo adatuluka n'kumapita.

Patapita masiku atatu adabweranso, koma ulendo uno kutsogolo kwake kudali mlamu wake, aJuliyasi, mkulu wa mwamuna wosowayo, atavala jekete. Iwo ndiwo adalankhula. Adati nkhaniyi ndi yosavuta: lisensa ilembedwe m'dzina lawo, mlamu wawoyo azingogulitsamo. Shefe adavomera kuti zimenezo buku likulola. Pamene aJuliyasi adatuluka kukasuta, aNangozo adawerama pa tebulo langa n'kulankhula motsitsa.

"Mayi, njerwa zija ndidaumba ndi ana anga. Munthuyu adanditengera kale dimba la m'dambo ponena kuti ndi la m'bale wake. Likalembedwa dzina lake pamenepa, chaka chamawa muli mkazi wake wamng'ono m'sitolomo. Palibe njira ina?"

Ndidamuuza kuti asadinde chala tsiku limenelo, anene kuti akufuna akaganize. Atapita, ndidatenga kabuku kaja ndi kulowa kwa Shefe. Ndidawasonyeza tsamba la kutsogolo, limene iwo eni ankaliwerenga m'misonkhano, lonena kuti mwamuna ndi mkazi ndi ofanana pamaso pa lamulo. Kenako ndidatembenuza mpaka kumapeto n'kuwasonyeza mfundo ija.

"Shefe, buku lofiirali likadagwira ntchito, sindikukana. Koma mzere uwu wa mkazi wokwatiwa ukutsutsana ndi tsamba lanu lija. Ndiye malinga ndi mfundo iyi, mzerewu udafa kale."

Adavula magalasi. "Dona Adelina, mudaphunzira kuti zamalamulo?"

"Sindidaphunzire. Mudandipatsa masamba awa kuti ndiwawerenge."

"Ndidakupatsani kuti muuze anthu mitundu ya mbendera. Lamulo limafa akalifafaniza a ku likulu, osati mlembi wa pa makina. Ndikasaina ine, mawa akabwera ondifufuza, mudzandiyankhira ndinu?"

Adalemba pa chopemphacho kuti chakanidwa, n'kundiuza kuti ndichiike m'kabati.

Apa ndiye padali povuta. Dongosolo la ntchito linkalola munthu wokanidwa kudandaula kwa akuluakulu a ku Tete, ndipo mlembi ndiye ankatumiza dandaulolo. Koma m'zaka zanga zonse ndidali ndisanaonepo mlembi akutumiza pepala lotsutsa mkulu wake. Amene ankayesa kuchita makani ankasamutsidwira kutali, kumene kulibe msewu kapena shikola yophunzirako ana. Bambo anu adali atangopeza malo ophunzitsa, Selesitina adali atayamba kalasi yachinayi, ndipo nyumba yathu inali isanathe kufoleredwa. AZakariya adandikokera pakhonde n'kundiuza kuti, "Achemwali, mayi uja si m'bale wanu. Mwangobwera kumene kuthengo, mukufuna kubwereranso?"

Lamlungu tikuchokera ku tchalitchi, inu ana muli patsogolo, ndidawafotokozera bambo anu zonse. Kenako adafunsa, "Chimene mwawerengacho muli nacho chitsimikizo?"

"Ndachiwerenga mpaka ndachiloweza."

"Nanga ndikadakhala ine amene ndidatengedwa kumunda kuja?"

Iwo adapitiriza, "Tumizani. Akatisamutsa, ana osaphunzira ali kulikonse, ndikaphunzitsa komweko."

Lolemba ndidaitanitsa aNangozo. Ndidawafotokozera kuti yankho likhoza kuchedwa, likhoza kubwera loipa, ndiponso kuti mlamu wawo adzakwiya. Iwo adangotambasula chala kuti ndipake inki. Ndidalemba dandaulolo pa pepala loyera limene ndidalisunga kuyambira ku Dedza. Kumbuyo kwake ndidalumikiza tsamba lina, ndipo pamwamba ndidalemba kuti anekiso. M'menemo ndidakopera zinthu zitatu motsatizana: mzere wa m'buku lofiira, tsamba la kufanana kwa mwamuna ndi mkazi, ndi mfundo ya kumapeto ija. Pansi ndidaika dzina langa lonse ndi udindo wanga. Sindidafune kuchita mobisa, ndiye ndidapita nalo kwa Shefe ndisanaliike m'thumba la makalata.

"Ili likupita ku Tete mawa, Shefe. Ndati muyambe mwaliona."

Adaliwerenga mpaka kumapeto, nkhope ili gwa. "Mukudziwa chimene mukuchita?"

"Ndikudziwa."

"Kuyambira lero tebulo la malisensa ndi la aZakariya. Inu mukasanje mapepala m'chipinda cha kuseri."

Chipinda cha kuseri chidali chopanda zenera, chodzaza zikalata zonyowa zimene zidapulumuka pa nkhondo, ndi makoswe. Ndidakhalamo miyezi iwiri ndi theka. Shefe sankandiyankha moni. Mphekesera zidamveka kuti kalata yondisamutsa idalembedwa kale. AJuliyasi adafika mpaka kunyumba kwathu kudzauza bambo anu kuti mkazi wawo akupasula mabanja a eni. Bambo anu adawapatsa mpando, adawamvetsera mpaka kumaliza, n'kuwaperekeza bwinobwino mpaka pa msewu. Chimene chinkandiwawa kwambiri chidali cha aNangozo. Mbatatesi zawo zidakumbidwa, sitolo ili chitsekere, ndipo zina zidayamba kuola m'matumba. Tsiku lina ndidakumana nawo pa chigayo ndipo ndidalephera kuwayang'ana kumaso. Iwo ndiwo adandilimbitsa. "Musadandaule, mayi. Zoola ndadyetsa nkhumba. Nkhumbazo ndi zanga."

Yankho lidabwera Lachinayi, ndipo silidabwere m'thumba la makalata. Padaima galimoto, mudatuluka mayi wina wovala suti yotuwa, woona zamalamulo wochokera ku Tete, amene ankayendera maofesi a m'malire. Adakhala ndi Shefe kwa kanthawi, kenako aZakariya adabwera kuseri kuja. "Akukufunani," adatero, osandiyang'ana. Ndidapukuta fumbi m'manja n'kulowa, ndikuganiza za katundu amene tidzanyamule ndi amene tidzasiye.

Mayiyo adali ndi dandaulo lija m'manja, atatsegula pa tsamba lowonjezera. Chinyanja sankachidziwa, tidalankhula Chipwitikizi.

"Ndinu amene mudalemba izi?"

"Ndine."

"Adakuthandizani ndani?"

"Palibe. Kabuku kali apo pa shelefu."

Adatembenukira kwa Shefe n'kunena modekha kuti dandaulolo lidazungulira matebulo angapo, ena ankati adikire kaye lamulo latsopano, koma pomaliza adagwirizana kuti mlembiyu adawerenga bwino. Adati mayi wopemphayo apatsidwe lisensa m'dzina lake, ndipo mkazi wina aliyense wobwera ndi pempho lotere asafunsidwenso za mwamuna. Adaonjeza kuti tsamba langalo adalikopera kuti alisiye m'maofesi ena amene ankapitako.

Ndiyenera kuwanenera zabwino Shefe Bonifasiyo. Galimoto itapita adandiitana. "Dona Adelina, bwererani pa tebulo lanu. Lembani lisensayo, ndisaine lero lomwe." Ndikutuluka adaonjeza, "Tsamba lija ndidaliwerenga m'misonkhano isanu ndi umodzi. Sindidaganizepo kuti lingalowe mu ofesi muno." Kalata yondisamutsa sindidaione, ndipo sindidafunse ngati idalikodi. Tidagwira ntchito limodzi zaka zina zinayi mwaulemu, ndipo ndiwo adandilembera umboni pamene ndidakwezedwa kupita ku Ulongwe, kumene ndidakhala mpaka kupuma.

Mbiri idayenda msanga kuposa shapa, timinibasi tathu tija. Sabata yotsatira ndidapeza amayi asanu ndi awiri atakhala pa khonde la ofesi ndisanatsegule. Ena amuna awo adasowa pa nkhondo, ena adapita ku migodi osabwerera, wina mwamuna wake adalipo koma ankakana kusaina pokhapokha atamugulira njinga. Mwezi umenewo fita ya makina idatha kawiri. Ambiri mwa amayi amene amandigwira dzanja mumsika aja ndi a pa khonde limenelo, kapena ana awo. Lamulo lakalelo adadzalisintha ndithu patapita zaka, koma kwathu kuno lidali litasiya kale kuluma.

Lisensa ya aNangozo ndidakapereka ndekha. Lidali Loweruka m'mawa, ndipo ndidawapeza akutsitsa matumba a nyemba pa ngolo pamodzi ndi ana awo aakazi awiri. Chitseko cha sitolo chidali chotsegula koyamba m'miyezi itatu. AJuliyasi adali ataima patsidya pa msewu ndi njinga yawo, akuonerera. ANangozo adapukuta manja pa chitenje, adalandira pepalalo ndi manja awiri, n'kuliyang'ana nthawi yaitali ali chiligwirire mozondoka.

"Dzina lili pati?"

Ndidalitembenuza n'kuwalozera.

"Werengani."

"Firimina Ngozo, mwini sitolo."

"Palibe dzina lina?"

"Palibe. Lina ndi la Shefe amene wasaina."

Adayang'ana kutsidya kwa msewu, kenako adandibwezera pepalalo. "Werenganinso, mayi. Mukweze mawu pang'ono."

Ndidawerenganso mokweza, ndipo aJuliyasi adakwera njinga yawo n'kumapita.